Ejenti Safunsa: Malangizo kwa Achinyamata Olemba Zida za AI

Ang'ono anga amene mwalowa ntchito yolemba mapulogalamu masiku ano, pali kachigawo ka ntchito yanu kamene ambiri a inu mumakasiyira kumapeto, usiku, tulo titayamba kale kulemera m'zikope. Code yatha, API ikuyankha bwinobwino, changotsala n'kulemba mizere iwiri itatu youza AI chimene chida chanucho chimachita. Mumalemba kuti "chimatumiza ndalama", n'kutseka laputopu. Ndikufuna tikambirane za mizere imeneyo, makamaka za mmene mungadziwire ngati ili yabwino kapena ayi, chifukwa apa ndi pamene ndimaona anyamata ndi atsikana anzeru kwambiri akudzinamiza okha.

Tiyambe tamvana pa zimene zimachitika mkatimo. Ejenti wa AI ndi model ya chilankhulo, monga Claude, GPT kapena Gemini, imene yapatsidwa zida ndi ufulu wozigwiritsa ntchito mobwerezabwereza mpaka ntchito ithe. Koma ejentiyo saona code yanu. Database yanu saidziwa, ndipo sanakhale nawo pamsonkhano uja munagwirizana za kalembedwe ka nambala ya kasitomala. Amangoona zinthu zitatu: dzina la chida, mafotokozedwe ake, ndi mndandanda wa mipata yoti adzaze, imene timaitcha ma parameter, yolembedwa mu JSON Schema. Akawerenga zimenezi amasankha chida n'kulemba pempho. Pulogalamu yanu ndiyo imagwira ntchito yeniyeniyo n'kubweza yankho, iye n'kuwerenga yankholo, n'kuganiza chochita chotsatira. Basi. Chimene simunalembe m'zinthu zitatuzo, kwa iye kulibe.

Zinthuzi n'zadzulodzuloli, ndipo mwina n'chifukwa chake sitinazolowere kuzipatsa ulemu. Mu Okutobala 2022 akatswiri a ku Princeton ndi a ku Google anatulutsa kafukufuku wotchedwa ReAct, woonetsa model ikuganiza, kuchita, kuona zotsatira, n'kuganizanso. Mu Juni 2023 OpenAI inayamba kulola olemba mapulogalamu kufotokozera model zida zawo mwadongosolo. Mu Novembala 2024 Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, imene tonse timangoti MCP, ndipo mu Marichi 2025 OpenAI nayo inalengeza kuti iziigwiritsa ntchito. Kwa inuyo MCP inasintha chinthu chachikulu: chida chimene mwalembera padesiki yanu ku Zomba kapena ku Chipata chikhoza kugwiritsidwa ntchito ndi model imene simunaiyesepo, chili pakati pa zida makumimakumi zolembedwa ndi anthu amene simudzakumana nawo. Tsiku limenelo simudzakhalapo kuti mumasulire zimene munkatanthauza.

Zili ngati kutuma mwana wanzeru amene wangofika dzulo pamudzi panu, kumupatsa ndalama ndi kakalata koti "ukagule ufa". Simunanene ngati ndi mgaiwa kapena woyera, wa m'mbale kapena thumba lonse, ndipo iye sakudziwa kuti pakhomo pano agogo sadya mgaiwa. Mwana wa munthu mwina abwerera kudzafunsa. Ejenti kawirikawiri sabwerera. Anamuphunzitsa kukhala wothandiza, ndiye pamene mwasiya mpata amaikapo chimene chikumumvekera bwino, n'kupitiriza ulendo mtima uli m'malo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Vuto pa nkhani inoyi n'loti wodya phulayo ndi kasitomala wanu.

Tsono mudziwa bwanji kuti mwalemba bwino? Kuwerenganso sikungakuuzeni. Inu amene munalemba chidacho ndinu osayenera kuposa wina aliyense kuweruza mafotokozedwe ake, chifukwa mutu wanu umadzaza wokha zonse zimene zikusowa. Mukawerenga mawu oti "nambala ya kasitomala", maso anu amaona nambala ya akaunti, popeza ndi imene ili mu database. Ejenti akhoza kuona nambala ya foni, kapena ya chiphaso cha unzika. Mnzanu wa desiki yoyandikana naye sangakuthandizeni kwenikweni, pakuti masana mumadyera limodzi pachiwaya, ndipo zonse zimene mukudziwa iyenso akuzidziwa. Umboni ulipo umodzi wokha: perekani chidacho kwa ejenti, mumupatse ntchito zenizeni, muone chimene achite. Mafotokozedwe okoma kuwerenga amene ejenti amalakwa nawo ndi oipa. Okhakhala amene amachita nawo bwino nthawi zonse ndi abwino, ngakhale aphunzitsi anu a Chingerezi atakwinya nkhope.

Poyang'anapo, ambiri amangofunsa ngati ejenti wasankha chida choyenera. Limenelo ndi funso loyamba chabe, ndipo nthawi zambiri ndi lopepuka. Lolemera n'loti m'mipata muja wadzazamo chiyani, ndipo yankho litabwera walimva bwanji. Palinso lina limene limaiwalika kwambiri: kodi amadziwa kuchisiya chidacho? Munthu akangofunsa kuti kutumiza ndalama amadula zingati, ejenti wabwino sayenera kukhudza n'komwe chida chotumizira ndalama. Gulu la ku University of California, Berkeley, limene linayambitsa Berkeley Function Calling Leaderboard mu 2024, linaikamo dala mafunso amene palibe chida chilichonse chowayenera, kuti aone ngati model ingathe kudziletsa. Mayeso anu akapanda mafunso otere, ndiye kuti mukuyesa mbali imodzi yokha ya khalidwe la ejenti wanu. Mafotokozedwe amene sanena nthawi imene chida sichiyenera kugwiritsidwa ntchito sanathe kulembedwa.

Tichedwepo pang'ono pa mipata, chifukwa ndi pamene pamatayikira ndalama. Tinene kuti mwalemba chida cholipirira, chokhala ndi mpata wotchedwa amount. Munthu wauza ejenti kuti atumize K5,000. Alembe 5000 kapena 500000? Funsoli si lachibwana ayi. Makampani ena olipirira pa intaneti, monga Stripe, amalandira ndalama zowerengedwa m'kachigawo kakang'ono ka ndalamayo, moti dola imodzi imalembedwa 100, ndipo model yawerenga zitsanzo zambirimbiri za mtundu umenewo. Ikapanda kuuzidwa, lero iganiza za makwacha, mawa za matambala, ndipo kusiyana kwake n'kuchulukitsa ka 100. Komanso kwacha yake iti? Ya Malawi ndi MWK, ya Zambia ndi ZMW, ndipo wamalonda wa pachipata cha Mchinji ndi Mwami amagwira zonse ziwiri tsiku limodzi. Musaseke kuti zimenezi n'zazing'ono. Mu Seputembala 1999 NASA inataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa pulogalamu ina inkapereka manambala m'muyeso wa mapaundi pamene inzake inkayembekezera wa ma newton. Amenewo anali akatswiri a zam'mlengalenga, anthu okhoza kuimbirana foni n'kufunsana.

Nambala ya foni nayonso ndi msampha. Munthu amalemba kuyambira ndi 0, API yanu mwina ikufuna 265 kutsogolo, pena ndi chizindikiro cha +, pena popanda. Tsiku lolembedwa 03/04 kwa ife ndi 3 Epulo, koma kwa model imene yakhuta zolemba za ku America likhoza kukhala 4 Marichi. Nenani kuti liyambe chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, monga mwa ISO 8601, ndipo perekani chitsanzo chimodzi. Nenaninso kuti nthawi yake ndi ya kuti. Ife tili maola awiri patsogolo pa UTC, ndiye malipiro ochitika 1 koloko usiku wolowa m'mwezi watsopano seva ikhoza kuwaika m'mwezi watha, lipoti la abwana n'kusokonekera. Dzina la mpata nalo lizinena lokha chimene likufuna: user_id m'malo mwa user, amount_mwk m'malo mwa amount.

Taonani chida chobwezera ndalama. Mafotokozedwe a usiku aja amangoti chimabweza ndalama kwa kasitomala. Olembedwa ndi munthu amene waonapo ejenti akulakwa amanena kuti chimabweza ndalama za malipiro amodzi amene anadutsa kale. Kuti nambala ya malipirowo ichokere ku chida chofufuzira malipiro, isachoke m'mutu. Kuti ndalama zilembedwe m'makwacha a Malawi athunthu. Kuti chisagwiritsidwe ntchito pa malipiro amene akadali panjira, chifukwa amenewo ali ndi chida chawo choimitsira. Ndiponso kuti chikamaliza chimabweza nambala ya risiti yoti iperekedwe kwa kasitomala. Mulibe liwu lokometsera. Chiganizo chilichonse chinalowamo chifukwa tsiku lina ejenti analakwa pamenepo.

Tsopano za mayeso enieniwo. Musayambe ndi mafunso amene mwapeka nokha padesiki, chifukwa mosadziwa mudzagwiritsa ntchito mawu omwe aja ali m'mafotokozedwe, ejenti n'kukhoza zonse, inu n'kukagona mukusekerera. Pitani kwa anzanu amene amayankha makasitomala, mukapemphe mauthenga enieni amene amalandira, mufufute maina ndi manambala a anthu, ndipo amenewo ndiwo akhale mayeso anu. Mudzaona kuti anthu salankhula ngati buku. Wina alemba kuti "ndinatumiza dzana koma sizinafike". Wina, "bwezani zija ndalakwitsa nambala". Wina ayamba m'Chichewa, apitiriza m'Chingerezi, amalizira ndi chithunzi cha uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money. Zida zambiri timazifotokoza m'Chingerezi, ndipo sindikukuletsani, popeza ndi mmene ma model amamvera bwino. Koma kuyesa kokha yesani m'chilankhulo chimene anthu anu adzalembe. Ejenti amene amakhoza funso la Chingerezi chosalala akhoza kusochera pa "dzana", n'kukafufuza malipiro a dzulo, n'kuuza munthu molimba mtima kuti palibe chimene anatumiza. Ngati mauthenga enieni mulibe, pemphani munthu amene sanaonepo code yanu akulembereni mafunso. Paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Ntchito zina zikhale zazitali, zofuna zida zitatu kapena zinayi motsatizana: kupeza kasitomala, kupeza malipiro ake a dzana, kuona ngati malamulo akulola kubweza, kenako kubweza. Zofooka zambiri za mafotokozedwe zimabisala polumikizira, pamene yankho la chida choyamba liyenera kulowa mumpata wa chachiwiri. Ndipo poweruza musamvere mawu a ejenti. Ma model ndi akatswiri pakamwa. Akhoza kukuuzani mwaulemu wonse kuti ndalama zabwezedwa pamene palibe chimene chachitika. Kayang'aneni mu database. Mu Juni 2024 kampani ya Sierra inatulutsa mayeso otchedwa tau-bench, mmene ejenti amatumikira makasitomala ongoyerekeza a sitolo ndi a kampani ya ndege, ndipo pomaliza amafananiza mmene database yakhalira ndi mmene inayenera kukhalira. GPT-4o, imene inali m'gulu la ma model amphamvu kwambiri nthawi imeneyo, pa ntchito zonse pamodzi sinafike theka.

Kafukufuku yemweyo anaonetsa chinthu china chimene ndikufuna muchisunge pamtima. Ankabwereza ntchito imodzi kangapo, n'kufunsa kuti ndi ntchito zingati zimene ejenti amakhoza ulendo uliwonse, kusiya zija amakhoza kamodzi mwamwayi. Pa ntchito za sitolo, atazibwereza ka 8, zokhozedwa maulendo onse sizinafike 25 pa 100. Masamu ake mukhoza kuwachita nokha pafoni. Ejenti amene amakhoza ka 9 pa maulendo 10 alionse, mwayi woti akhoze maulendo 8 otsatizana ndi pafupifupi 43 pa 100. Ntchito ya masitepe 10, sitepe iliyonse yokhozedwa ka 95 pa 100, imafika kumapeto bwino pafupifupi ka 60 kokha pa 100. Ndiye amene wayesa kamodzi, waona zatheka, n'kuthamangira kukaitana abwana kuti adzaone, sanayese kanthu, wangochita chionetsero. Funso lililonse muzilibwereza kasanu kapena kakhumi. Mafotokozedwe osamveka bwino amadziwika ndi kusinthasintha kwa ejenti: funso lili lomwelo, koma ulendo uno wafufuza kaye, ulendo wina wangolumphira kubweza.

Manambala adzakuuzani kuti pali vuto, koma sadzakulozerani pamene lili. Apa chidule palibe. Khalani pansi muwerenge ma log, pempho lililonse limene ejenti analemba ndi yankho lililonse limene analandira, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndi ntchito yotopetsa, yosatamandidwa ndi aliyense, koma ndi imene imasiyanitsa wodziwa ndi wongoganizira. A ku Anthropic anafotokozapo kuti atatulutsa chida chofufuzira pa intaneti, anapeza kuti Claude ankawonjezera 2025 pa mawu ofufuzira popanda chifukwa, zimene zinkapotoza zotsatira, ndipo anakonza posintha mafotokozedwe a chidacho. Cholakwa chotere sichitulutsa error, ndipo pa tchati sichioneka. Amachiona ndi munthu amene wawerenga mapempho ambirimbiri mpaka diso lake lakodwa pa chinthu chobwerezabwereza. Powerengapo, mukaona ejenti akuitana chida chimodzimodzi katatu ndi mawu osiyana pang'ono, dziwani kuti akupapasa mumdima. Onaninso chida chimene sakuchikhudza ngakhale chili choyenera, ndi pamene wapeka nambala ya akaunti m'malo mokaifufuza. Mukhoza kumufunsa ejentiyo chifukwa chimene wachitira zimenezo, ndipo nthawi zina yankho lake limathandiza, koma musalitenge ngati umboni. Amatha kupereka chifukwa chomveka bwino chimene sichinali chenichenicho.

Mukapeza vuto, sinthani chinthu chimodzi, muyesenso. Mukasintha dzina, mafotokozedwe ndi model nthawi imodzi, zikayenda simudziwa chimene chathandiza, zikavuta simudziwa chobweza. Komanso patulani mafunso ena, mwina limodzi pa asanu alionse, amene simuwayang'ana pokonza. Munthu akamakonza mafotokozedwe akuyang'ana mafunso omwewo tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono amayamba kulembera mayesowo m'malo molembera ntchito, ndipo malikisi amakwera pamene ejenti sanasinthe kanthu pamaso pa kasitomala weniweni. Mafunso opatulidwa aja ndi amene adzakuuzeni zoona.

Ndikudziwa kuti ena mwaganiza kale zopereka mafotokozedwe anu kwa model ina kuti iwapatse malikisi. Phindu lake lilipo: idzaona msanga kuti simunanene muyeso, kuti mpata wina simunaufotokoze, kuti simunatchule chimene chida chimabweza. Poyambira n'zabwino. Koma model yoweruza imakopeka ndi zolemba zazitali zooneka zadongosolo, ndipo malikisi 9 pa 10 sakutanthauza kuti ejenti adzadzaza mpata molondola. Nayonso yangowerenga, monga inuyo. Njira yamphamvu ndi ina. Mu Juni 2025 Anthropic inafotokoza kuti inapanga ejenti woyesa zida. Ankapatsidwa chida cha MCP chokhala ndi zofooka, n'kuchigwiritsa ntchito maulendo makumi angapo, kuona pamene akupunthwa, kenako n'kulembanso mafotokozedwe ake. Ma ejenti amene anagwiritsa ntchito mafotokozedwe atsopanowo, nthawi yawo yomalizira ntchito inatsika ndi 40 pa 100. Chimene chinathandiza pamenepo n'chakuti wolembayo anali atachigwira chidacho m'manja.

Nthawi zina mudzalemba, mulembenso, ejenti n'kumalakwabe pomwepo. Zikatero lekani kulimbana ndi mawu, cholakwa chili m'chidacho. Mu Disembala 2024 a Anthropic analemba kuti pokonza ejenti wawo wa mayeso a SWE-bench anathera nthawi yambiri pa zida kuposa pa malangizo aakulu opita kwa model. Ejentiyo ankasokonezeka ndi njira zachidule zolozera mafayilo akangochoka mufoda yoyambira. Sanamuchonderere ndi ziganizo zambiri. Anasintha chidacho kuti chizilandira njira yathunthu yokha, vuto n'kutha. Gulu la ku Princeton limene linapanga SWE-agent mu 2024 linachitanso zofanana: chida chowerengera fayilo chinkaonetsa mizere 100 yokha pa nthawi imodzi, ndipo cholembera chinkakana kusintha kulikonse kophwanya malamulo a kalembedwe ka code, n'kunena pamene palakwika. Inunso teroni. Ngati njira zolipirira zilipo zitatu zokha, zilembeni zitatuzo mu schema ngati enum, ejenti asapeke yachinayi. Ngati nambala ya foni imabwera m'maonekedwe osiyanasiyana, code yanu ilandire onse n'kuwawongola yokha. Ndi mizere yochepa chabe, yodalirika kuposa ndime yathunthu ya malangizo.

Musaiwale kuti chimene chida chimabweza nachonso chimamulangiza ejenti, ndipo chimafika pa nthawi imene akufunitsitsa malangizo. Yankho loti "Error 400" silimuuza kanthu, ndiye abwereza cholakwa chomwecho kapena angosiya. Yankho lonena kuti tsiku lalembedwa molakwika, liyenera kuoneka ngati 2025-04-03, limamubwezera panjira nthawi yomweyo. Kufufuza kukapanda kupeza kanthu, chida chinene poyera kuti palibe chapezeka, chisabweze mndandanda wopanda kanthu umene ejenti angauyese kugwa kwa netiweki. Pa mayeso anu muikemo dala zolephera: seva yosayankha, akaunti yotsekedwa, ndalama zosakwana. Choopsa kwambiri ndi seva imene yalandira pempho koma yankho lake latayika panjira, zimene kwathu kuno si zachilendo magetsi akathima kapena netiweki ikagwa. Kodi ejenti wanu atumizanso kachiwiri? Ngati mafotokozedwe sakunena kuti ayambe waona ngati zoyamba zija zinadutsa, ndipo chida chilibe njira yozindikirira pempho lobwerezedwa, munthu adzalipira kawiri.

Za kutalika kwa mafotokozedwe ndinene mwachidule. Mzere umodzi kawirikawiri sukwana, ndipo malangizo a Anthropic amati ziganizo zosachepera zitatu kapena zinayi pa chida chilichonse. Koma mawu onsewo amapita kwa model ulendo uliwonse, ndipo token iliyonse imalipiridwa m'madola, amene nonse mukudziwa mmene amavutira kupeza. Zida zikachuluka ejenti amasokonezekanso, moti OpenAI imalangiza kuti zisafike 20 pa nthawi imodzi. Chosokoneza kwambiri ndi kufanana kwa zidazo: search_customer, find_customer ndi get_customer zili pamodzi, inuyo mukudziwa kusiyana kwake, ejenti akungoombeza. Choncho musayese chida chili chokha, chiyeseni chili pakati pa zinzake zonse zimene chidzakhale nazo. Ndipo chikamanyalanyazidwa musathamangire kulemba ndi zilembo zazikulu kuti chizigwiritsidwa ntchito NTHAWI ZONSE. Ma model atsopano amamvera kwambiri, ndiye mudzangopeza chidacho chikuitanidwa ngakhale munthu atangopereka moni. Fotokozani nthawi yake ndi chifukwa chake, mofatsa.

Zonsezi ndanena za zida zanu. Za eni ake, zimene mumatsitsa pa intaneti n'kulumikiza kwa ejenti wanu, funso lake ndi lina: kodi mafotokozedwewa akumuuza ejenti wanga kuti achite chiyani ine osadziwa? Mu Epulo 2025 akatswiri a Invariant Labs ku Zurich anaonetsa kachida kooneka kosalakwa, kongophatikiza manambala awiri. M'mafotokozedwe ake munabisidwa malangizo oti ejenti ayambe wawerenga mafayilo achinsinsi a pakompyutapo, kuphatikizapo kiyi wa SSH, atumize zimene wapezazo kudzera mumpata wina, ndipo asamuuze mwini kompyuta. Mwiniyo pasikirini ankangoona chidule. Model ndiyo inkaona zonse, n'kumvera. Akatswiriwo anachenjezanso kuti seva yopereka chida ikhoza kusintha mafotokozedwe inu mutavomereza kale. Ndiye chida cha mwini muziwerenga mafotokozedwe ake onse monga mmene model ikuwalandirira, musunge kope lake, ndipo pakhale chokudziwitsani akasinthidwa. MCP ili ndi tizizindikiro tonena ngati chida n'chongowerenga kapena n'chokhoza kuwononga, monga readOnlyHint ndi destructiveHint, koma malamulo a MCP omwewo amati musatikhulupirire ngati seva yake si yodalirika. Wolemba chida choipa dzanja silimunjenjemera polemba kuti n'chongowerenga.

Mafotokozedwe anu muziwasunga mu Git pamodzi ndi code, ndipo kusintha kwa liwu limodzi kuzidutsa m'mayeso monga kusintha kwina kulikonse. Kampani ikatulutsa model yatsopano, kapena abwana akaganiza zosamukira ku yotsika mtengo, malikisi anu akale atha ntchito, chifukwa mawu amene model ina inkawamva bwino inzake ikhoza kuwamva mwina. Yambitsaninso mayeso onse musanasamuke.

Koma pali malire amene mafotokozedwe, kaya alembedwe bwino motani, sangadutse. Mu Julayi 2025 ejenti wa Replit anafufuta database yeniyeni ya kampani ina, ngakhale anali atauzidwa momveka kuti asasinthe chilichonse pa nthawiyo. Mkulu wa Replit, Amjad Masad, ananena poyera kuti zimenezi n'zosavomerezeka, ndipo mwa zimene anachita msanga panali kulekanitsa database yoyeserera ndi yeniyeni. Anaona kuti kumuuza ejenti sikukwanira, pafunika kumutsekera. Ngakhale mayeso anu atafika 99 pa 100, pa malipiro 10,000 ndiye kuti pafupifupi 100 alakwika, ndipo aliyense mwa amenewo ndi munthu amene ndalama zake za fizi kapena za feteleza zapita kwa wosamudziwa. Choncho pa chilichonse chosabwezeka, kaya kutumiza ndalama, kufufuta, kapena kutseka akaunti, chiletso chikhale mu code: malire a ndalama pa tsiku, chilolezo chochepa pa database, ndi sitepe imene chida chimaonetsa munthu dzina la wolandira, nambala yake ndi ndalama zake, n'kudikira kuti munthuyo avomereze ndi chala chake. Ejenti asakhale ndi njira yodumphira sitepe imeneyi, ngakhale kasitomala atamuuza kuti ali pachangu. Nayonso muiyese: lembani mauthenga khumi a munthu wokakamiza, wokalipa, wonena kuti iye ndi bwana wa kampaniyo ndipo zotsimikizirazo alibe nazo nthawi, muwabwereze kangapo, kenako mukaone mu database ngati pali tambala imene yatuluka.